Siling'i Yachitsulo ku Kensington: Ntchito ya Atmos Yomwe Ndinaibwereza

Foni inalira kumapeto kwa Ogasiti 2023, mphepo ya fumbi ija ili mkati. Oimbawo anali bambo a kwathu, a ku Ntcheu, omwe akhala ku Joni kuno zaka zoposa 20. Nambala yanga anaitenga kwa mnzawo wa kutchalitchi amene ndinamumangirira TV pakhoma. Sanazungulire: "Amisiri, ndinagula zinthu za Atmos ndi ndalama zoti ndikanafolera nyumba kumudzi, koma kumwambako sikumveka kanthu. Besi ikagunda, nyumba yonse imalira ngati chidebe chopanda madzi. Mubwere muone ngati anandigulitsa zakufa."

Nkhaniyi ndikulembera anzanga omwe timadyera pamakwerero, oika madishi, makamera ndi ma TV, chifukwa makasitomala ayamba kutifunsa za Atmos, njira ya kampani ya Dolby yoti mawu a filimu azimveka mokuzungulira ndi pamutu pomwe, ndipo ambirife timangovomera kuti ntchito isatipite. Zolakwika zambiri m'nyumba iyi ndinazipeza zili kale, koma chimodzi ndinabwera nacho ndine.

Nyumba ndi katundu wake

Nyumbayo ili ku Kensington, kum'mawa kwa tawuni, dera lomwe linakhazikitsidwa mu 1897. Monga nyumba zambiri zakale za kumeneko, za ku Bez Valley ndi ku Melville, pansi pake ndi pa matabwa ndipo siling'i yake ndi yachitsulo chopyapyala chodinda maluwa, chokhomeredwa ku timatabwa ndi misomali ing'onoing'ono. Pabalaza nditayeza panali mamita 5.4 m'litali, 4.1 m'lifupi, ndipo kuchoka pansi kufika kusiling'i mamita 3.3.

Katundu anali wabwino ndithu. TV ya mainchesi 65, ampu ya matchanelo 7 yodziwa Atmos, masipika awiri aatali akutsogolo, ya pakati, awiri akumbuyo, wufa imodzi, ndi timasipika tiwiri toloza kumwamba tokhazikidwa pamitu pa akutsogolo aja. Papepala imeneyi ndi 5.1.2: asanu a pansi, wufa imodzi, awiri a kumwamba. Anagula pa Black Friday chaka cham'mbuyo, ndipo wogulitsa anawauza kuti ubwino wa Atmos ndi woti masipika ungaike paliponse, ampu imakonza yokha.

Mawu amenewa ndawamva kangapo, ndipo gwero lake ndi chinthu choona chomwe chinamveka mopotoka. Kale pa 5.1, wosakaniza mawu ku situdiyo ankalamula kuti phokoso ili lituluke pa sipika yakumbuyo kumanzere, basi. Dolby Atmos, yomwe inayamba m'masinema mu 2012 n'kulowa m'nyumba mu 2014, imalola kuti phokoso liziyenda palokha ndi adiresi yake: lili kutsogolo kapena kumbuyo, kumanzere kapena kumanja, pansi kapena pamwamba, ndipo likulowera kuti. Phokoso lotere amalitcha object. Kusinema angakhalepo mpaka 118 nthawi imodzi, pamwamba pa matchanelo 10 okhazikika, n'kugawidwa ku masipika okwana 64. DTS:X ya 2015 imayendanso chimodzimodzi. Zili ngati katundu wotumiza kumudzi: pachikwama timalemba koti akafike, njira amasankha ndi transipota. Transipota wake pano ndi ampu. Koma ampu ilibe maso. Zambiri za m'nyumba zimayeza kutalika kwa sipika kuchoka pampando ndi kukula kwa mawu ake, osati mbali yomwe ili. Ukaiuza kuti sipika iyi ili pamutu, imakhulupirira, n'kumatsitsira katundu yense wa pamutu pamenepo, ngakhale sipikayo ili kuseri kwa kabati.

Zomwe ndinapeza tsiku loyamba

Ndisanatsitse makwerero pabaki ndinapempha kuti ayatse filimu yomwe amaidandaula kwambiri. Pa TV chizindikiro cha Atmos sichinaoneke, ndipo pagalasi la ampu panalembedwa Dolby Surround. Nditadina batani loonetsa zomwe zikulowa, ndinapeza PCM ya matchanelo awiri, kutanthauza stereo wamba. Kuseri kwa TV kunali kawaya kowonda ka optical. Waya umenewu sunyamula Atmos. Umathera pa Dolby Digital kapena DTS ya 5.1, ndipo pano TV inkatumiza stereo chabe, ampu n'kumaimwaza m'masipika onse mongoganizira.

Mbiri yake inatuluka titakhala pansi. Mu Januwale kunagwa mvula ya mphenzi, zija za kuno ku Highveld zobwera masana dzuwa likuswa mtengo. Dekoda inapsa, ndipo kuyambira tsiku limenelo mawu ochoka pa TV kupita ku ampu anasiya. Mwana wa achemwali awo, wodziwako za makompyuta, analumikiza optical, mawu n'kubwerera, onse n'kumuyamikira. Miyezi isanu ndi iwiri banja linkaonera stereo likuyesa Atmos. Ndinayesa waya watsopano wa HDMI, ARC ya TV, khomo lobwezera mawu ku ampu, osadzuka, ngakhale khomo lina linkalandirabe chithunzi bwinobwino.

Apa mpomwe mmisiri amakondwa msanga. Wapeza vuto pamphindi khumi, kasitomala akukuona ngati sing'anga. Chinandigwira ndi funso limodzi lomwe ndinafunsa mongocheza: nanga mphenzi isanagwe, kumwambako kunkamveka? Bambowo anati ayi, chigulireni sanamvepo. Choncho waya sunali wokha. Anzanga, werengani galasi la ampu musanakwere kulikonse, koma mukapeza cholakwika choyamba funsani kuti dandaulo linayamba liti.

Kugula TV ina sikunali kofunika. Tinagwirizana zotenga kabokosi koonetsera mafilimu a pa intaneti kodziwa Atmos, kalowe mu ampu mwachindunji, ampu n'kumatumiza chithunzi chokha ku khomo lamoyo la TV. Dekoda yatsopano nayo ndinaisamutsira ku ampu. Ndinaonanso kuti Netflix yawo ili pa pulani yapamwamba, chifukwa Atmos amaipereka pamenepo pokha. Mawa lake galasi linalemba Dolby Atmos. Bambowo anaimirira pakati pa balaza, mutu uli chagada, kudikira. Kumwamba kunali zii.

Ndili ndi kayesedwe kanga kosafuna makina. Ndimakhazika munthu pampando, atseke maso, ndiliza sipika imodzi imodzi, iye aziloza komwe akumva. Mwana wawo wamkazi wa zaka 12 anadzipereka, n'kuthamangira kukhitchini kukatenga mthiko woti azilozera. Nditaliza kasipika koloza kumwamba ka kumanzere, mthiko unaloza pambali pa TV. Ka kumanja, chimodzimodzi. Nditaliza sipika yakumbuyo, yomwe imayenera kumveka m'mbali mwa khutu, mthiko unakwera n'kuloza kudenga. "Ankolo, ya kumwamba ndi imeneyi." Mwanayo sananame. Nyumba inali yozondoka: zakumwamba zikumveka pansi, zapansi zikumveka kumwamba.

Timasipika toloza kumwamba timadalira siling'i ngati kalilole. Mawu akwere, agunde, atsikire pamutu pa womvera. Dolby imati siling'i ikhale yosalala, yolimba, yotalika pakati pa mamita 2.3 ndi 4.3. Kutalika kunali bwino, koma kusalala kunalibe, chifukwa maluwa odinda aja amamwaza mawu ang'onoang'ono, omwe ndi amene khutu limadziwira kuti chinthu chili pamwamba. Vuto lalikulu linali mtunda. Timasipikato tinali topendekeka pang'ono, cha m'madigiri 20. Mawu okwera mamita 2.2 n'kutsika 2.3 atapendekeka chotero amakatera pafupifupi mamita 1.6 kuchoka pa sipika, pomwe panali tebulo la tiyi. Sofa inali pa mamita 4.7. Chomwe chinkafika pasofa ndi mawu otayikira m'mbali, ochokera pomwe mthiko unaloza.

Akumbuyo aja anawapachika pa thabwa lokolekapo zithunzi, mamita 2.6 kuchoka pansi, m'makona. Ndi chizolowezi cha masiku a 5.1, ndipo inenso ndapachikapo ambiri chotero, poti ana safikira ndipo mawaya amabisika. Pa Atmos chizolowezichi chimapha ntchito yonse. Khutu limazindikira za kumwamba pokhapokha pali za pansi zoyerekeza nazo. Malangizo a Dolby amati asanu a pansi akhale pamlingo wa makutu a munthu wokhala, ndipo akumbuyo akakwezedwa asapitirire kutalika kwa akutsogolo kuchulukitsa ndi 1.25. Akutsogolo nawo anali othinana m'mbali mwa TV, madigiri 10 okha mbali iliyonse, pomwe pamafunika 22 mpaka 30.

Nkhani ya sofa

Sofa inali yotsamira khoma lakumbuyo, ndipo uwu ndi womwe unakhala mlandu wovuta kuposa mawaya onse. Mutu ukakhala masentimita 30 kuchoka kukhoma, palibe malo oti sipika ikhale kumbuyo kwako. Komanso besi imaunjikana pakhoma. M'chipinda cha mamita 5.4, liwiro la mawu la mamita 343 pa sekondi ukaligawa ndi kutalika kwa chipinda kuwirikiza kawiri, umapeza 32 Hz (kunjenjemera ka 32 pa sekondi), kenako 64 Hz, ndipo onsewa amakula kwambiri pakhoma penipeni. Wufa nayo inali pakona, atayikweza kupitirira theka. Wokhala pasofa ankamva kugunda pachifuwa koma mawu a anthu a mufilimu akumira.

Nditanena zosuntha sofa, mayi a pakhomopo anatuluka kukhitchini akupukuta m'manja. "Amisiri, sofa pakati pa nyumba ngati tili m'sitolo? Lachitatu lililonse pano pamabwera amayi a kutchalitchi kudzapemphera. Azikhala pati?" Anali ndi mfundo, ndipo matabwa a pansi aja anawakonzetsa okha, sankafuna mikwingwirima. Ine ndinkafuna mita yathunthu ndi kupitirira. Tinamaliza pa masentimita 60, nditamata nsalu zofewa kunsi kwa miyendo ya sofa kuti izitsetsereka, ndi timadontho tiwiri ta tepi pansi posonyeza pobwerera. Makutu anakhala masentimita 90 kuchoka kukhoma. Kunena zoona kukana kwa mayiwo kunandithandiza pang'ono, chifukwa pa gawo limodzi mwa magawo anayi a chipinda, cha pa mamita 1.35, ndi pomwe 64 Hz ija imazimiririka, ndipo ndikanawakhazika pafupi ndi dzenje limenelo.

Ndinaphunzira kale kuti balaza la kwathu si sinema. Mwini ndalama akhoza kukhala bambo, koma mwini balaza ndi mayi, ndipo mapulani omwe sanawavomereze amatha tsiku lomwe mmisiri watuluka pageti.

Akumbuyo ndinawatsitsa kufika mamita 1.25, pamakoma a m'mbali, masentimita 65 kumbuyo kwa makutu, zomwe zinandipatsa pafupifupi madigiri 110. Akutsogolo ndinawatalikitsa mamita 3, n'kupeza madigiri 20. Madigiri awiri operewerawo ndinawasiya, chifukwa kupitirira apo sipika ya kumanja ikanatseka chitseko. Ya pakati ndinaitulutsa m'shelefu momwe inabisika n'kuikweza mphuno pang'ono kuti iloze kumaso. Wufa inachoka pakona n'kupita kukhoma lakutsogolo, pakati pa TV ndi sipika ya kumanzere, titayesa malo atatu.

Chidebe cholira

Pofuna zolira ndinaliza kamvekedwe kokwera pang'onopang'ono kuchoka pa 20 Hz mpaka 120 Hz, mwana uja akuyenda ndi tepi kumata paliponse pomwe pakunjenjemera. Kabati ya mbale za alendo inayamba kuimba cha pa 60 Hz, makapu akugundana milomo. Zenera lakale lokweza ndi kutsitsa linalowa nawo kwaya. Zonsezi zinatha ndi timalabala ndi nsalu. Siling'i ndiyo inali mwini nyimbo, pakati pa 45 ndi 55 Hz, ndipo sizodabwitsa poti kutalika kwa mamita 3.3 kumakometsa 52 Hz. Ndinakulunga chiguduli kumutu kwa tsache n'kumakankha chitsulo chimodzi chimodzi. Pomwe kulira kwaleka, ndiye pomasuka.

M'dengamo ndinalowa nditazimitsa magetsi a nyumba yonse, chifukwa m'nyumba zakalezi mumapezeka mawaya a nsalu omwe wina anaiwala, ndipo siling'i yachitsulo ikakhudzana ndi waya wamoyo simupepesana. Mupondenso pa mitanda yokha. Fumbi lake ndi lakuda bii, la zaka zambirimbiri, ndinatuluka ngati wogulitsa makala. Misomali yambiri inali itazuka theka. Ndinalowetsa timasikuluwu m'mabowo akale omwewo kuchokera pansi, n'kupaka utoto pamitu, ndipo pamwamba tinayala zofunda zotchingira kutentha ndi kuzizira, zomwe zimagwiranso chitsulo kuti chisanjenjemere. Izi bambowo sanazengereze kulipira. Aliyense amene anagonapo m'nyumba yotere mu Juni amadziwa chifukwa chake.

Pomwe ndinalakwa

Panatsala funso la masipika a kumwamba. Bambowo ankafuna olowa m'siling'i ngati omwe anaona kwa mnzawo ku Midrand. Kumeneko siling'i ndi ya bodi, ukaboola molakwika umamata. Kuno kukanakhala kudula mabowo awiri a masentimita 20 pa chitsulo chomwe kupeza chofanana nacho maluwa ndi ntchito. Palinso lamulo la 1999 loteteza zinthu zakale, National Heritage Resources Act, lomwe limafuna chilolezo musanasinthe nyumba yopitirira zaka 60. Ndinakana, ndipo mayiwo anandivomereza koyamba.

M'malo mwake ndinatenga masipika awiri ang'onoang'ono n'kuwapachika pakhoma lakutsogolo, mamita 2.9 kuchoka pansi, pamwamba pa akutsogolo aja, atawerama kuloza sofa. Mu ampu ndinalemba zoona, Front Height. Makonzedwe amenewa ndi ovomerezeka, ndipo m'zipinda zina amagwira. Mawaya anayenda mosavuta kuseri kwa thabwa la zithunzi. Linali Loweruka, magetsi ankazima 4 koloko, chaka chimenecho load shedding inali itatikwana tonse, ndipo ndinkathamangira kuti ndiyeze ampu isanazime. Titaliza filimu, mawu anatalika, khoma lakutsogolo linamveka ngati lakula. Bambowo anandigwira chanza, ndalama inalowa, ndinapita. Mthiko sindinauitane.

Patatha sabata kunabwera uthenga wa mawu pa WhatsApp. "Amisiri, zasintha ndithu, sindikukana. Koma ndege ija ikuulukabe pa TV pomwepo, sikufika kuno."

Ndinatenga pepala ndili mubaki. Sipika pa mamita 2.9, khutu pa mita imodzi, kusiyana 1.9. Mtunda kuchoka pasofa 4.3. Zikupereka madigiri 24. Masipika a pamwamba pa khoma amafunika madigiri osachepera 30, ndipo nambala imeneyi ndinkaidziwa. Sindinawerengere chifukwa mumtima ndinali nditasankha kale njira yosakhudza siling'i, ndipo masamu akanandisokonezera Loweruka langa. Komanso anali awiri okha. Pakakhala anayi, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, ampu imagawa phokoso pakati pawo n'kuliyendetsa kudutsa pamutu. Awiri akutsogolo okha alibe owalandira, ndege imakwera n'kuima pomwepo.

Panali njira yachidule yomwe inandidutsa m'mutu, ndipo ndiitchule chifukwa ndikudziwa kuti ena amaichita: kuwakweza mawu ndi ma dB (muyeso wa kukula kwa mawu) anayi kapena asanu, n'kuuza ampu kuti ali pamutu. Kasitomala amamva kuti chinachake chachitika. Koma kumeneko ndi kunamiza transipota. Mvula yoyenera kugwa pamutu ikanamagwa pa TV mokweza, basi. Ndinawaimbira n'kuwauza kuti kulakwa ndi kwanga, ndibweranso osalipiritsa. Anangoti, "Zikomo ponena zoona, achimwene." Kuyambira tsiku limenelo amandiitana choncho.

Kubwereza

Masipika a kumwamba akakhala awiri okha, malo ake ndi pamutu, patsogolo pang'ono, pakati pa madigiri 65 ndi 100 kuwerengera kuchoka kutsogolo, ndipo ambiri timasaka cha pa 80. Njira inali yowapachika kunsi kwa siling'i osaidula. Nkhope ya sipika inagwera pa mamita 3.1, ndiye kuti 2.1 pamwamba pa makutu. Kuti ndipeze madigiri 80 ndinkafunika masentimita 37 patsogolo, koma mzere wa misomali, pomwe zitsulo ziwiri zimakumana, unali pa masentimita 50. Ndinatsata mzerewo n'kupeza madigiri 77.

Timatabwa tokhomerapo siling'i sitinapangidwire kunyamula katundu. M'denga ndinapingasa thabwa lolimba pakati pa mitanda iwiri, masikuluwu aatali n'kudutsa pamabowo a misomali yakale kukagwira thabwalo. Sipika iliyonse inali yolemera kilo imodzi ndi theka, ndipo ndinaimangiriranso kawaya kachitsulo kosungira, poti pansi pake pamakhala mitu ya anthu. Bowo latsopano linali limodzi pa sipika iliyonse, la mamilimita 8, lodutsira waya, pamsoko penipeni. Tsiku lomwe adzachotse, kudzangofunika kumata ndi kupaka utoto.

Pa m'lifupi ndinapatukako pa malangizo. Dolby imati akhale pamzere umodzi ndi akutsogolo, zomwe pano zikanakhala mamita 3. Koma potero akanayandikira makoma n'kumamveka ngati abale a akumbuyo aja, makamaka kwa wokhala kumapeto kwa sofa. Ndinawaika motalikirana mamita 2.4, zomwe zinagwirizananso ndi mabwalo a maluwa a siling'i, mpaka mayiwo anati akuoneka ngati anabadwira pomwepo. Tinawapopera utoto woyera. Mu ampu ndinasintha kukhala Top Middle, ndipo ulendo uno zinali zoona. Timasipika toloza kumwamba tija tinabwerera m'katoni kudikira wogula.

Kuyeza ndi mayikolofoni kunatenga maulendo awiri. Ulendo woyamba, tili pamalo achitatu, mbalame zija anthu a kuno amazitcha hadeda zinatera pakapinga n'kuyamba kukuwa ngati zaona maliro. Tinayambiranso. Ulendo wachiwiri tinazimitsa firiji, kutseka mazenera, n'kusankha nthawi yomwe magetsi alipo kuti jenereta ya aneba ikhale chete. Mayikolofoni ikhale pa tripod, pamlingo wa makutu, yoloza kumwamba, osati pamsana pa sofa kapena m'manja.

Zomwe ampu yapeza sindizilandira osaziwerenga. Akutsogolo inawalemba Large, kutanthauza onyamula besi yonse okha, ine n'kuwabweza ku Small ndi crossover (malire a pomwe besi imapatukira) ya 80 Hz kuti ntchito yolemera ipite ku wufa. A kumwamba, poti ndi aang'ono, ndinawasiya pa 120 Hz. Mitunda ndinaitsimikiza ndi tepi, chifukwa masentimita 34 aliwonse ndi milisekondi imodzi, ndipo sipika yofika msanga imakokera phokoso kwa iyo. Mtunda wa wufa wokha unaoneka wautali kuposa wa tepi, ndipo ndinausiya dala, poti ampu imawerengera ndi kuchedwa kwa zamagetsi za m'kati mwa wufayo. Onse ndinawalinganiza pa 75 dB.

Kenako mthiko unabwera. Kutsogolo kumanzere, pakati, kumanja, m'mbali chakumbuyo, zonse m'malo mwake. Nditaliza ya kumwamba kumanzere, mwanayo anaimika mthiko chilili ngati akufuna kuthyola mango, n'kuupendeketsa pang'ono kumanzere. Bambo ake anamulanda mpando.

Zotsatira

Ndinabwererako kumayambiriro kwa Disembala, asananyamuke kupita kumudzi ku Khirisimasi, chifukwa ankadandaula kuti besi yayambanso kuchuluka. Ndinapeza sofa ili kukhoma. Inabwerera Lachitatu lina ndipo palibe anaikoka. Timadontho ta tepi tinali titachoka ndi chokolopera. Ndinalemba tina kunsi kwa kapeti, ndipo udindo wokoka sofa unaperekedwa kwa mwini mthiko.

Bambowo anali ndi dandaulo lina lomwe ndimalimva pafupifupi pa ntchito iliyonse: m'mafilimu ambiri a kumwambawo amangokhala chete. Ndi zoona. Osakaniza mawu ena amawagwiritsa ntchito kwambiri, ena amangoponyako mphepo ndi kanyimbo. Ndinazula mawaya a masipika apansi kwa mphindi zingapo kuti amve zomwe zimapita kumwamba zokha, ndipo anaseka ataona kuchepa kwake. Anapempha kuti ndiwakwezeko, ndinawonjezera 2 dB n'kukana kupitirira. Mpira wa pa dekoda umalowa ngati Dolby Digital, ampu n'kumwazako phokoso la masapota kudenga, ndipo amaukonda chotero. Chomwe mayiwo anayamikira si ndege ayi, koma kuti tsopano amamva zomwe anthu akulankhula osakweza voliyumu. Makwaya a kwathu a pa YouTube, omwe ndi stereo, ndinawalangiza kuti azimvera pa masipika awiri akutsogolo. Iwo amafuna kwaya iwazungulire ngati ali m'tchalitchi, ndipo rimoti ndi yawo.

Za mphenzi tinaika zotchinjiriza pa waya wa dishi ndi pa soketi, koma ndinawauza kuti kukada kum'mwera azizula zonse ziwiri, komanso azizimitsa ampu nthawi ya load shedding isanakwane, n'kudikira pang'ono magetsi akabwera. Chitsulo chimodzi cha pafupi ndi chumuni chimang'ung'udzabe cha pa 48 Hz akakweza kwambiri. Pamenepo denga ndi lotsika, sindinakwanitse kulowetsapo thabwa.

Ndikunyamula zida, bambowo anandionetsa pafoni ampu ya matchanelo 9. Ankafuna 5.1.4. Tinawerengera limodzi patebulo la tiyi. Pa anayi, akutsogolo amafunika madigiri 30 mpaka 55, akumbuyo 125 mpaka 150, ndiye kuti omwe tinapachika aja akanasamukanso. Kutsogolo malo alipo. Kumbuyo, ndi siling'i ya mamita 2.1 pamwamba pa makutu, madigiri 125 amafuna pafupifupi mita imodzi ndi theka kumbuyo kwa mutu. Ife tili ndi masentimita 90, ndipo ukachotsapo thupi la sipika umathera cha pa madigiri 108. Ndinawauza kuti ndalamayo ikagwira ntchito yooneka atagula wufa yachiwiri yoti besi ifanane pasofa yonse, pokhapokha sofa itasunthanso masentimita ena 70.

Anayang'ana kukhomo la khitchini. "Amayi, mwamva zomwe akunena achimwenewa?"

"Ndamva," anayankha osatuluka. "Sofa yafika pomwe yafikapo."